MLENDO WA PA NDEGE AFIKA KU NYANJA: NANGA MLIMI WA KWA MWASE APEZAPO CHIYANI?

Wolemba Mlangizi wa Zaulimi, kwa Mwase, Kasungu

Inu alimi a kwa Mwase ndi a m'midzi yonse ya m'chidikha cha Kasungu, nthawi zina muli kuthirira nazale ya fodya mumva ndege ili kulira kumwamba, ana naloza kamzere koyera kamene isiya m'mbuyo. Ambiri a ife tinena kuti, "Za ndege nza anthu olemera, ife zitikhudza bwanji?" Sabata ino tiyeni timlondole mmodzi wa anthu okwera ndegezo, kuyambira pamene achoka kwao kutsidya la nyanja zamchere kufikira pamene akhala pansi kudya ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota. Mukamlondola bwino mudzaona kuti ulendo wake ukhudza munda wanu kawiri: poyamba pa mbale imene adyera, kachiwiri pa madzi amene asambira.

ULENDO WAKE

Titenge munthu wa ku London. Iye akwera ndege madzulo, nagona chokhala pa mpando usiku wonse, maora pafupifupi 8, ndipo kucha ali ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia. Kumeneko atsika, nadikira, nakwera ndege ina imene itenga maora ngati 4 kufika pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene linatsegulidwa m'chaka cha 1983. Ena adzera ku Nairobi, ena ku Johannesburg. Wodzera ku Johannesburg akhala m'mwamba maora 11 asanasinthe ndege, ndipo wochokera ku America angathe kutha tsiku lathunthu pa njira.

Musaganize kuti munthu wotere atsika ali ndi mphamvu chifukwa sanayende pansi. Miyendo yatupa ndi kukhala, kukhosi kwauma pakuti mpweya wa m'ndege ngwouma, ndipo mutu uli kulemera. Palinso china. Dzuwa silituluka nthawi imodzi pa dziko lonse lapansi. Pamene kuno ili 12 koloko masana, ku New York ili 5 koloko kapena 6 koloko m'mawa, monga mwa nyengo yao. Tsono thupi la mlendoyo lisungabe nthawi ya kwao: masana tulo timgwira, usiku maso ali gwa. Papita masiku angapo kuti thupi lizolowere dzuwa lathu.

Atatuluka pa bwalo la ndege akwera galimoto nalowa mseu wa ku Salima. Ku Lilongwe, monganso kuno kwathu, dziko lili pamwamba, mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Koma nyanja yathu ili pansi, sifika mamita 500. Chotero mseu utsika zitunda, milambe iyamba kuoneka, ndipo mlendo avula jekete chifukwa kutentha kwayamba. Apyola tauni ya Salima, kumene njanji inafika m'chaka cha 1935, nayendanso makilomita ngati 20. Patapita maora awiri chichokere ku Lumbadzi, mseu utha, ndipo patsogolo pake pali mchenga ndi madzi.

Nyanja imene aiona ndi yaitali makilomita opitirira 560, ndipo cha kumpoto kuya kwake kufika mamita 700. Muli mitundu ya nsomba mazanamazana, yoposa ya m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri sipezeka kwina konse. Tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala totchedwa mbuna, timene msodzi satiwerengera kwenikweni, nditimene tikoka anthu a kutali. Chifukwa cha ito Boma linapatula malo a ku Cape Maclear m'chaka cha 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawalemba m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse.

Koma tsiku loyambalo mlendo safuna mbuna. Afuna zinthu zinayi: madzi akumwa, posamba, kama wa neti yotchinga udzudzu, ndi chakudya. Madzulo akhala pakhonde namva nkhwazi ili kulira, naona nyali za asodzi a usipa zitandanda pamadzi, ndipo wantchito amuikira mbale patsogolo.

SI ZA LERO

Alendo a pa ndege sanayambe lero kufika ku nyanja. M'chaka cha 1949 kampani ya BOAC inayamba kutera ku Cape Maclear ndi ndege zotera pamadzi, zimene zinali kuyenda pakati pa Southampton ku Mangalande ndi Johannesburg. Ulendowo unali wa masiku angapo, ndipo usiku okwera anali kugona m'mahotela a panjira. Ku Cape Maclear kunali hotela yabwino yowalandira. Koma mu 1950 ndege zija zinaleka, popeza zotera pamtunda zinazilanda ntchito, ndipo posakhalitsa hotela ija inatsekedwa. M'chaka cha 2020 zinachitikanso zotere: chifukwa cha matenda a Covid-19 ndege zonyamula anthu zinaima kuyambira Epulo mpaka Seputembala, mahotela a ku nyanja nakhala opanda anthu. Akulu anati mlendo ndi mame. Mau amenewa muwasunge, pakuti tidzawafuna kutsogoloku.

Ndiponso njira yochokera kwa Mwase kunka ku nyanja si yatsopano. Makolo athu anali kuiyenda ndi minyanga ya njovu kunka kwa Jumbe ku Nkhotakota, nabwerako ndi nsalu ndi mikanda. Inalinso njira ya misozi, pakuti akapolo anadzera momwemo. M'chaka cha 1863 David Livingstone anakwera kuchokera ku Nkhotakota nafika kwa Mwase, patsinde pa phiri la Kasungu. Lero pali mseu wa galimoto, makilomita pafupifupi 130, wopyola m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota. Funso ndi ili: kodi ife titsitsa chiyani pa njira imeneyi masiku ano?

CHIFUKWA NINJI DZIKO LIFUNA ALENDO?

Feteleza amene muthira m'munda, mafuta a galimoto ndi a chigayo, ndi mankhwala ambiri a m'chipatala, zonsezi dziko ligula kunja, ndipo kunjako salandira kwacha, afuna madola. Kwa zaka zambiri fodya wanu, wogulitsidwa ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ndiye wabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zimene dziko lipeza pa malonda. Koma m'maiko ambiri olemera anthu ali kuleka kusuta, ndipo m'chaka cha 2023 Malawi naye analowa m'pangano la maiko lochepetsa kusuta fodya. Sindinena kuti mugwetse zigafa mawa, iai. Ndinena kuti nyumba yoimira pa mzati umodzi siigonetsa tulo mwini wake.

Taonani kusiyana kwake. Fodya timsankha, timdinda m'mabelo, tilipira galimoto, ndipo ayenda ulendo wautali kukapeza wogula kutsidya la nyanja. Koma mlendo ndiye wogula wodzibweretsa yekha. Alipira yekha ndege, nadza ndi madola ake, nadya zinthu zathu konkuno. Dzira limene adya ku Senga Bay lili ngati lagulitsidwa kunja, chinkana silinatuluke m'dziko. Koma ngati hotela igula anyezi, uchi ndi mbatatesi zochokera ku maiko ena, madola aja angolowa pakhomo natulukira pazenera.

MBALE YA MLENDO

Tiyeni tisuzumire m'mbalemo. M'mawa muli mazira, tomato, buledi, uchi, nthochi ndi papaya. Masana ndi madzulo muli chambo kapena kampango, nkhuku, mpunga, mbatatesi, kabichi, karoti, anyezi ndi nyemba zaziwisi. Podikira chakudya atafuna mtedza wokazinga. Nsomba nza a ku nyanja, mpunga alima ku Nkhotakota ndi ku Karonga, shuga apanga ku Dwangwa. Zotsalazo, ndi ziti zimene sizimera kwa Mwase?

Tiyerekeze hotela imene igoneka alendo 40, ndipo aliyense adya mazira 2 m'mawa. Ndiwo mazira 80 pa tsiku, 560 pa sabata. Nkhuku yamazira yodyetsedwa bwino iikira mazira ngati 5 pa sabata, chotero pafunika nkhuku zoposa 110 kudyetsa hotela imodzi yokha. Mlimi mmodzi wa m'mudzi sangathe. Koma kalabu ya anthu 10, aliyense ndi nkhuku 12, ingathe. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono ndisakunamizeni. Nyanja ili kutali ndi ife, ndipo alimi a ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Dedza ali ndi madimba abwino ndiponso njira zazifupi. Tomato wakupsa wochoka kwa Mwase pa matola adzafika ku nyanja ali phala. Chifukwa chake ife titsogoze zinthu zosaola msanga, zimene dothi lathu lidziwika nazo: mtedza, nyemba, anyezi wouma bwino, tsabola wouma, uchi, nkhuku, ndi mazira oikidwa m'mathireyi. Ndiwo zamasamba muyambe kugulitsa pafupi, m'nyumba zogona alendo za pa boma la Kasungu, kumene mungafike pa njinga dzuwa lisanatenthe. Mukaphunzira pamenepo, mudzapita patali.

Pali malamulo anayi a malonda amenewa.

Loyamba, wophika m'hotela safuna dengu lalikulu lero kenaka mwezi wathunthu osakuonani. Afuna muyeso womwewo, tsiku lomwelo, sabata ndi sabata. Chotero musafese nazale yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono, papite masabata awiri kapena atatu, mufesenso. Potero dimba lidzabala chaka chonse. Kalabu igawane: uyu afese lero, uyo mwezi wa mawa.

Lachiwiri, sankhani. Inu a Kasungu mudziwa kusankha fodya kuposa anthu ambiri m'dziko muno, ndipo mudziwa chimene chichitikira belo losakaniza. Chitani chomwecho ndi anyezi ndi mtedza: zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha. Mtedza muuumitse ndi makoko ake, ndipo musauwaze madzi pofuna kuti usendeke msanga, pakuti chinyezi chibala chuku, ndipo chuku cha mtedza chili ndi poizoni woononga chiwindi. Uchi musefe ndi nsalu yoyera, musauphike pamoto, ndipo muuike m'mabotolo otsuka bwino. Wofuna kuugulitsa m'masitolo afunse za chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Lachitatu, mankhwala a fodya si a ndiwo. Musatenge otsala m'botolo la ku nazale ya fodya ndi kupopera kabichi. Funsani mlangizi mankhwala oyenera, ndipo muwerenge pa botolo masiku oyenera kudikira musanathyole. Mlendo mmodzi akadwala m'mimba, hotela sidzagulanso kwa inu, ndiponso ndiwo zomwezo adya ana anu.

Lachinayi, musalime musanapangane. Tumani anthu awiri a kalabu akaonane ndi wogula, alembe pa pepala muyeso, mtengo, tsiku loperekera ndi tsiku lolipira, ndipo mlembi wa kalabu asunge pepalalo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ndipo popeza mlendo ndi mame, musachepetse munda wa chimanga chifukwa cha hotela. Nkhokwe idzale poyamba. Mtedza, nyemba, nkhuku ndi uchi zili ndi ubwino uwu, kuti alendo akaleka kubwera muzigulitsa pa msika kapena muzidya nokha.

MADZI SAIWALA KHWAWA

Tsopano za madzi. Mvula yogwa m'boma la Kasungu sithera kuno. Ina itsikira mu Bua, ina mu Dwangwa, ndipo mitsinje iwiriyi ithira m'nyanja m'boma la Nkhotakota. Dontho logwa pa mzere wanu mu Januwale lidzafika pamene mlendo asambira. Likapita lokha, palibe mlandu. Koma likanyamula dothi la m'munda mwanu, mwataya kawiri.

Kutaya koyamba nkwanu. Dothi lakuda lapamwamba, limene munathiramo feteleza wa ngongole, ndilo liyamba kukokoloka, ndipo m'munda mutsala mchenga ndi kaufiti. Kutaya kwachiwiri nkwa dziko. M'nyanja muli nsomba yaikulu yotchedwa mpasa, imene siswana m'nyanjamo koma ikwera mitsinje kukaikira mazira pa timiyala ta m'madzi oyera, ndipo Bua ndi umodzi wa mitsinje yake yaikulu. Matope akakwirira timiyalato mazira afa, chifukwa sapeza mpweya. Mpasa wachepa kwambiri, ndipo maukonde otchinga pa mathiriro a mitsinje ndi matope ochokera kumtunda ndiwo amchepetsa. Mbuna nazo zidya ndere za pa miyala, ndipo ndere zifuna kuwala kwa dzuwa. Madzi akada, ndere zichepa. Nanga munthu adzauluka usiku wonse kudzaona chithaphwi?

Matopewa achoka kuti? Achoka pa mitengo imene tadula kumangira zigafa ndi kuwotchera fodya wa m'mabani, pa makala, pa mizere yolunjika kumunsi, pa kulima kufikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndi pa moto wa m'tchire wa mwezi wa Okutobala umene usiya nthaka yamaliseche pamene mvula yoyamba igwa. Mankhwala ake muwadziwa, koma ndibwerezanso. Ikani akalozera, ndipo mizere itsate akalozerawo mopingasa chitunda, motalikirana masentimita 75. Pa akalozera bzalani udzu wa vetiva. Tsekani mizere ndi ngonyeka kuti madzi alowe pansi. Mapesi musatenthe. Mitengo ya msangu muisiye m'munda, pakuti iyoyola masamba nthawi ya dzinja nidyetsa chimanga. Mlimi aliyense wa fodya akhale ndi kamunda ka mitengo yake ya milimo ndi nkhuni. M'mphepete mwa mtsinje musiye bango, nsenjere ndi mikuyu.

Anzathu a ku nyanja ali kuchita mbali yao. Pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira atseka usodzi nyengo ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kuti nsomba ziswane, ndipo anthu amvera. Ngati mfumu ya ku nyanja itha kutseka madzi, kodi nyakwawa za kwa Mwase sizingathe kuletsa khasu m'mphepete mwa mtsinje?

AKAPUMULA AFUNA KUONA NYAMA

Mlendo akatha masiku awiri kapena atatu pa mchenga, tulo take titakhazikika, afunsa kumene kuli njovu. Apa ife tili ndi mwayi, pakuti tikhala pakati pa nkhalango ziwiri. Kum'mawa kuli ya Nkhotakota, kumene m'zaka za 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kumadzulo kuli Kasungu National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo mu 2022 inalandira njovu zoposa 250 kuchokera ku Liwonde. Galimoto yochoka ku nyanja kunka ku Lifupa ipyola pakati pathu, ndipo okweramo afuna chakudya, mafuta, malo ogona, mphasa, madengu ndi zosema.

Tidziwa tonse kuti njovu si nkhani yosekerera kwa okhala m'malire a nkhalango. Zadya minda, zagwetsa nkhokwe, ndipo anthu ena ataya miyoyo. Zikatuluka musalimbane nazo ndipo musatchere misampha. Uzani a nkhalango ndi mfumu msanga, ndipo komiti ya m'mudzi ilembe zonse zoonongeka, ndi tsiku lake, kuti polankhula ndi Boma mukhale ndi umboni. Waya wa mpanda musadule. M'malire bzalani tsabola wowawa ndi kupachika ming'oma ya njuchi, pakuti njovu sizikonda ziwirizi, ndipo zonse ziwiri zili ndi msika.

MAU KWA ANYAMATA NDI MAKOLO

Anyamata ena akamva za alendo athawa khasu, napita ku nyanja kukazungulira pa mchenga, kuyembekeza kuti Mzungu adzawapatsa ndalama kapena kuwatenga kwao. Ambiri abwerako chimanjamanja, ena ndi matenda. Ntchito zenizeni za kumeneko, monga kuphika, kuyendetsa galimoto, kulemba za ndalama ndi kutsogolera alendo m'nkhalango, zifuna sukulu ndi Chingerezi chomveka. Wofuna ntchito zotere atsirize sukulu poyamba. Ndipo inu makolo, letsani ana kuthamangira galimoto za alendo ndi kutambasula manja. Mwana wozolowera kupempha pa mseu aiwala njira ya ku sukulu. Mlendo apatsidwe moni, alangizidwe njira, ndipo pogula auzidwe mtengo woona. Wobedwa pa mtengo akauza anzake kwao, ndipo wolandiridwa bwino akauzanso.

ZOCHITA MWEZI UNO

Pa msonkhano wa kalabu ukudzawu kambiranani zinthu zitatu. Choyamba, mbewu kapena chiweto chimodzi chimene mungathe kupereka sabata ndi sabata osaphonya. Chimodzi chokha, osati zisanu. Chachiwiri, anthu awiri okhulupirika amene adzapita pa boma kukafunsa m'nyumba zogona alendo zimene agula, kumene azigula, ndi pa mtengo wanji. Chachitatu, tsiku limene mlangizi adzafika kudzaika akalozera m'minda yotsetsereka mvula isanagwe, ndi malo a nazale ya mitengo ya mudzi wonse.

Mlangizi wa dera lanu salipiritsa pa zimenezi. Mukamuitana adzabwera ndi chingwe ndi levulo; inu mukonze zikhomo ndi makasu. Kumbukirani kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo mvula siidikira munthu.